Marani 241 kwa 241: Muyeso Umene Unagamula Chikho ku Lord's

Pa 14 Julaye 2019, tsiku loyamba la sabata, matimu a England ndi New Zealand anakumana pa bwalo la Lord's mumzinda wa London, mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa chikho cha dziko lonse cha kiriketi. Anayamba m'mawa, anamaliza dzuwa litapendeka. New Zealand inapeza marani 241. England inapezanso 241. Atawapatsa mpata wina woti asiyane mphamvu, mbali iliyonse inapeza 15. Koma madzulo a tsikulo chikho chinanyamulidwa ndi England. Ngati panalibe woposa mnzake, chinagamula n'chiyani? Funso limeneli ndilo mutu wa phunziro lino, ndipo likutikhudza kwambiri ife amene tikuphunzira zauphunzitsi, chifukwa ntchito imene tikupitako yadzaza ndi kuyeza ana a eni.

Ambiri a ife tinakulira pa mpira wamiyendo ndi wamanja, choncho ndiyambe ndafotokoza mmene kiriketi imayendera. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Pakati pa bwalo pali kanjira kotalika mamita pafupifupi 20, ndipo kumapeto ake onse awiri amazikako timitengo titatu totchedwa wiketi. Timu imodzi imaponya mpira ndi kumwazikana m'bwalo kuti iutchinge. Inayo imatumiza anthu awiri onyamula chomenyera chathabwa. Akaumenya mpira n'kuthamanga kusinthana malo, ndiye kuti apeza rani imodzi. Mpira ukagubuduka mpaka pa chingwe cha m'malire a bwalo, ndi marani 4. Ukadutsa chingwecho m'malere osagunda pansi, ndi 6. Womenya amatuluka mpira ukagwetsa wiketi yake, wina akauwakha usanagwe pansi, ukamenya mwendo wake pamene ukanakagunda wiketi, kapena adani akagwetsa wiketi iye ali m'njira asanafike pa mzere. Akatuluka anthu khumi, timu yatha. Mipira isanu ndi umodzi imapanga ova imodzi, ndipo mu chikho chimenechi timu iliyonse imapatsidwa maova 50.

Mayiko awiriwa anali asanatengepo chikhochi. England inafikapo mu ndime yotsiriza mu 1979, 1987 ndi 1992, n'kubwerako chimanjamanja. Mu 2015 inachita manyazi kwambiri, inatuluka mu ndime ya m'magulu itagonja kwa Bangladesh ku Adelaide. Kuchokera pamenepo, motsogozedwa ndi kaputeni Eoin Morgan, inasintha kaseweredwe n'kuyamba kudalira kumenya mwamphamvu, kufuna chingwe nthawi zonse. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku. New Zealand nayo inagonja kwa Australia mu ndime yotsiriza ya 2015 ku Melbourne. Mu 2019 inalowa mu ndime ya matimu anayi movutikira: inafanana mapointi 11 ndi Pakistan, ndipo inapitirira chifukwa cha kawerengedwe kena koyerekeza liwiro limene timu imapezera marani ndi limene adani amawapezera pa iyo. Kenaka inagonjetsa India ndi marani 18 ku Manchester, pa masewero amene mvula inawakokera masiku awiri. Chimene anthu amakumbukira pa tsikulo ndi mkono wa Martin Guptill, amene anaponya mpira ali patali n'kugwetsa wiketi MS Dhoni atatsala pang'ono kufika pa mzere.

Ku Lord's, New Zealand ndiyo inayamba kumenya. Henry Nicholls anapeza 55, Tom Latham 47, kaputeni Kane Williamson 30. Chris Woakes ndi Liam Plunkett a England anatulutsa anthu atatu aliyense. Maova 50 atatha, marani anali 241, anthu otuluka 8. Kwa timu yomenya ngati England chiwerengerochi chinkaoneka chochepa, koma kanjira ka tsikulo sikankalola mpira kubwera bwino pa chomenyera. Colin de Grandhomme, wobadwira ku Harare, anaponya maova khumi n'kupereka marani 25 okha. England inapezeka ili pa 86 anthu anayi atatuluka, Morgan ali m'gulu la otulukawo. Amene anaidzutsa ndi Ben Stokes ndi Jos Buttler, omwe anawonjezera marani 110 ali limodzi mpaka Buttler anawakhidwa ali ndi 59. Stokesyo anabadwira ku Christchurch, ku New Zealand komweko, ndipo anasamukira ku England ali ndi zaka 12.

Mu ova ya 49 Stokes anamenya mpira wam'mwamba, Trent Boult n'kuuwakha pafupi ndi malire. Pobwerera m'mbuyo phazi lake linaponda chingwe mpira uli m'manja. Guptill, amene anali pambali pake, anakweza yekha manja kuuza woyimbira kuti ndi marani 6. Kunali kuulula chinthu chopweteka timu yake, pa nthawi imene kutuluka kwa Stokes kukanatha masewero.

Ova yotsiriza inayamba England ikufuna marani 15, Boult akuponya. Pa mipira iwiri yoyamba Stokes sanapeze kanthu. Wachitatu anautumiza kuseri kwa chingwe, 6. Wachinayi ndi umene anthu akukanganabe nawo mpaka lero. Stokes anaumenyera kumbali, iye ndi Adil Rashid n'kuthamanga kufuna marani awiri. Guptill anautola n'kuuponyera ku wiketi. Stokes, poona kuti achedwa, anadziponya pansi chomenyera chili patsogolo. Mpira unagunda chomenyeracho, n'kupatuka, n'kugubuduka mpaka pa chingwe. Iye sanauone n'komwe. Anagwada n'kukweza manja kusonyeza kuti sanachitire dala. Mwa mwambo wa masewerowa, mpira ukagunda munthu wothamanga omenya sathamanganso, koma ukafika wokha pa chingwe malamulo amauwerenga basi. Woyimbira Kumar Dharmasena wa ku Sri Lanka, atafunsana ndi mnzake Marais Erasmus wa ku South Africa, anapereka marani 6: awiri othamanga ndi anayi a chingwe.

Panatsala mipira iwiri, England ikufuna 3. Pa woyamba anapeza rani imodzi, Rashid n'kutulutsidwa akufuna yachiwiri. Pa wotsiriza chimodzimodzi: rani imodzi, Mark Wood n'kutulutsidwa asanafike. England inathera pa 241, anthu onse khumi atatuluka, Stokes atatsala ndi 84.

Malamulo a mpikisanowo ankati zikatere pakhale Super Over, ndiye kuti timu iliyonse imenye ova imodzi yokha, mofanana ndi mapenate a mpira wamiyendo. Stokes ndi Buttler anapeza 15 kwa Boult. New Zealand inatumiza Jimmy Neesham ndi Guptill, ndipo England inapereka mpira kwa Jofra Archer, mnyamata wa zaka 24 amene anali atangoyamba kuisewerera miyezi iwiri m'mbuyomo. Neesham anamenyapo 6, ndipo pofika mpira wotsiriza New Zealand inali ndi 14, ikufuna awiri. Guptill anamenya, anamaliza rani yoyamba, anatembenuka. Jason Roy anatola n'kuponyera Buttler, amene anagwetsa wiketi Guptill akudziponya pansi asanafike pa mzere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: zimene anachitira Dhoni masiku anayi m'mbuyomo zinamugwera mwini. Marani 15 kwa 15.

Apa ndi pamene panatulukira kalamulo kamene owonera ambiri anali asanakamvepo. Kankati Super Over ikalepherekanso, chikho chipite kwa amene anafikitsa mpira pa chingwe kambiri tsiku lonselo. England inali ndi 26, New Zealand 17.

Tiyeni tsopano tiyese miyeso ina pa masewero omwewo, osasintha mpira ngakhale umodzi. Tikanati apambane amene anataya anthu ochepa, monga mmene mipikisano ina yakale inkachitira, chikho chikanapita ku New Zealand, chifukwa iyo inataya 8 pamene England inataya 10. Tikanati apambane amene anali pamwamba mu ndime yoyambirira, chikanapita ku England, yomwe inathera pa nambala 3 New Zealand ili pa 4, ndipo inali itaigonjetsa kale ndi marani 119 ku Chester-le-Street. Tikanati agawane, zinachitikapo: India ndi Sri Lanka anagawana chikho cha Champions Trophy mu 2002 ku Colombo mvula itasokoneza. Osewera omwewo, thukuta lomwelo, koma wopambana akusintha malinga ndi muyeso umene tautenga m'manja.

Kuwerenga za pachingwe kuli ndi vuto limene ine ndikuliona kuti ndi lalikulu. Marani anayi a pachingwe anali atawerengedwa kale mu 241 muja. Kuwawerenganso kachiwiri ndi kunena kuti amene wapeza marani anayi pomenya kamodzi aposa amene wawapeza pothamanga kanayi, pamene cholinga cha masewero ndi kuchuluka kwa marani, osati njira yowapezera. Ndipo kumbukirani mfundo ija: England inali itakhala zaka zinayi ikumanga timu yofuna chingwe, pamene New Zealand inkadalira kuponya mosamala ndi kuthamanga. Palibe amene analemba lamulolo pofuna kukondera England, linalembedwa asanadziwe amene adzafike ku Lord's. Komabe linali lopendekera kale ku kaseweredwe ka mtundu umodzi. M'mabuku athu a zauphunzitsi nkhani imeneyi amaitcha validity: kodi chimene ukuyezacho ndi chimenedi unafuna kuyeza?

Tiyerekeze kuti mwapita kukaphunzitsa pa sekondale ina, ndipo pabwera thandizo la fizi la mwana mmodzi yekha wa Fomu 2, amene wakhoza kuposa onse. Mutaphatikiza malikisi, atsikana awiri afanana ndendende. Wina mu ofesi ya aphunzitsi akuti tione Chingerezi, popeza ngakhale satifiketi ya MSCE munthu sapata akalephera Chingerezi. Zikumveka zanzeru, koma mmodzi mwa atsikanawa akuchokera m'nyumba imene Chingerezi chimayankhulidwa pa chakudya, winayo amachimva m'kalasi mokha. Wina akuti tione amene sanajombe. Zikumvekanso bwino, mpaka mutadziwa kuti wojombayo amawoloka mtsinje umene umadzaza m'dzinja. Wina akuti masamu. Muyeso uliwonse ukuloza mwana wake, ndipo aphunzitsi onse m'chipindamo akudziwa kale mwana amene muyeso wawo ukumuloza. Apa sipatayika chikho. Mwana mmodzi akhoza kubwerera kumudzi sukulu osaimaliza.

Pa mfundo imeneyi a kiriketi anatiposa. Lamulo lawo, ngakhale linali lopendekera, linalembedwa mpikisano usanayambe, ndipo matimu onse analilandira. Neesham ndi Guptill ankalowa m'bwalo akudziwa kuti akufunika 16, kuti 15 siwakwanira. Williamson, atafunsidwa ndi atolankhani madzulo omwewo, sanabise kuti zinali zowawa, koma anavomereza kuti malamulowo analipo kuyambira pachiyambi, kungoti palibe ankaganiza kuti adzafika powagwiritsa ntchito. New Zealand yomweyo inali itadutsa Pakistan ndi kalamulo kena kolekanitsa ofanana, ndiye sikanati malamulo otere ndi abwino pokhapokha akaikomera. Paulo pa 2 Timoteo 2:5 akuphunzitsa kuti wopikisana salandira korona ngati sanatsate malamulo a mpikisanowo, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha malamulowo akudziwika liwiro lisanayambe. Kwa mphunzitsi tanthauzo lake n'losavuta: ndondomeko ya kachongedwe, pamodzi ndi chochita ana akafanana, ilembedwe mapepala asanasonkhanitsidwe, mayina asanaoneke. Muyeso wosankhidwa zotsatira zitadziwika kale umakhala chisankho cha mwana chimene chavala malaya a lamulo. Deuteronomo 25:13-15 amaletsa kusunga miyala iwiri yoyezera m'thumba limodzi, waukulu ndi waung'ono, ndipo Miyambo 11:1 ikuti sikelo yonyenga Yehova amanyansidwa nayo. Timakonda kuwerenga mavesiwa poganiza za ogula mbewu pa msika, koma cholembera chofiira nachonso ndi sikelo.

Tibwerere ku mpira wachinayi uja, chifukwa uli ndi phunziro losiyana. Kumeneko lamulo linali labwinobwino, cholakwa chinali cha wogwira muyeso. Lamulo 19.8 la kiriketi limati mpira woponyedwa ndi wotchinga ukapitirira mpaka pa chingwe, omenya amalandira marani anayi, kuwonjezapo amene anamaliza, kuwonjezaponso imene ali m'kati mwake ngati anali atadutsana kale pa nthawi imene mpira unkachoka m'dzanja la woponyayo. Zithunzi zinaonetsa kuti pamene Guptill ankaponya, Stokes ndi Rashid anali asanadutsane pa rani yachiwiri. Anayenera kulandira 5, osati 6. Simon Taufel wa ku Australia, mmodzi mwa oyimbira olemekezeka kwambiri amene anapuma, ananena poyera kuti kunali kulakwitsa. Zikanatero England ikanafuna marani 4 pa mipira iwiri, ndipo woyang'anana ndi Boult akanakhala Rashid, osati Stokes. Palibe anganene motsimikiza kuti New Zealand ikanapambana, pakuti Stokes akanasewera mwina mipira yotsalayo ikanakhala ina. Koma kusiyana kwake si kwakung'ono.

Dharmasena pambuyo pake anavomera kuti ataona kanema anazindikira kuti anaweruza molakwa, koma anafotokoza kuti m'bwalomo analibe kanemayo. Munthu mmodzi ankayenera kuona pa kamphindi kamodzi dzanja la woponya lili kutali, mapazi a anthu awiri othamanga, ndi mzere. Ndimamumvera chisoni kuposa kumudzudzula. Erasmus naye anali atatulutsa Ross Taylor wa New Zealand tsiku lomwelo pa mpira umene makina anaonetsa kuti ukanadutsa pamwamba pa wiketi, ndipo Taylor sanathe kudandaula chifukwa mwayi umodzi wokha wopempha kuti kanema aonedwe unali utagwiritsidwa kale ntchito. Awiriwa anali m'gulu la oyimbira osankhika a dziko lonse. Ngati iwo anaphonya, kuli bwanji mphunzitsi amene akuchonga mapepala 120 usiku ndi tochi ya foni? N'chifukwa chake pepala la mwana amene ali m'malire, pakati pa kukhoza ndi kulephera, liyenera kuonedwa ndi maso achiwiri, ndipo mwana amene wabwera mwaulemu kudzati malikisi ake sanaphatikizidwe bwino asamatengedwe ngati wamwano.

Baibulo lili ndi nkhani yake ya awiri ofanana pa malo amodzi. Pa Machitidwe 1:15-26, okhulupirira pafupifupi 120 anafuna wolowa m'malo mwa Yudasi. Petro anayamba wanena muyeso: akhale munthu amene anayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane mpaka tsiku limene Yesu anakwera kumwamba. Anaimika awiri, Yosefe wotchedwa Barsaba, amene ankatchedwanso Yusto, ndi Matiya. Muyeso wa anthu utathera pamenepo, sanapeke wina wachangu woti ukomere amene ankamukonda. Anavomereza kuti chotsalacho chili mu mtima, kumene iwo sangaone, anapemphera, n'kuchita maere. Sindikunena kuti tizichita maere pa fizi ya ana, ndipo Chipangano Chatsopano sichitchulanso njira imeneyi Pentekoste atadutsa. Chimene chimandigwira mtima ndi Yusto. Anali woyenera mokwanira, sanasankhidwe, ndipo palibe pamene palembedwa kuti anadandaula kapena kuti mpingo unagawikana chifukwa cha iye.

Wina afunsa ngati nkhani ya kiriketi ikuyenera kupezeka m'magazini ya sukulu ya Adventist, ndipo funsolo lili ndi maziko. M'chaka cha 1900 Mayi Ellen White anadzudzula mwamphamvu sukulu ya Avondale ku Australia, ophunzira ndi aphunzitsi atathera tsiku la tchuthi pa tenisi ndi kiriketi yeniyeniyi. Malo ena analemba kuti sakutsutsa kusewera mpira wamba kolimbitsa thupi, koma ankaopa mtima wopikisana umene umameza munthu n'kumuiwalitsa cholinga cha maphunziro. Masewero a ku Lord's akuonetsa kuti nkhawa yawo sinali yopanda pake. Mpikisano umafuna dzina limodzi pa chikho zivute zitani, ndipo pamene kusiyana palibe umakupanga. Tsiku lomwelo, mumzinda womwewo, Novak Djokovic anatenga chikho cha tenisi cha Wimbledon pogonjetsa Roger Federer kudzera mu lamulo latsopano lodulira masewero akafika 12 kwa 12 mu gawo lomaliza, chikhalirecho Federer ndiye anapata mapointi ambiri pa masewero onsewo. Ifenso pa tsiku lotsekera sukulu timaitana nambala wani, nambala thu, pamaso pa makolo, nthawi zina kusiyana kwake kuli theka la malikisi. Pali nthawi imene malo ndi amodzidi ndipo kusankha n'kosapeweka. Koma nthawi zambiri palibe chimene chingawonongeke mphunzitsi atalengeza kuti ana awiri afanana.

Williamson anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu mpikisano wonsewo, ndi marani 578. Atakhala masiku angapo ananena kuti m'maganizo mwake palibe amene anagonja pa tsikulo, kungoti panafunika mmodzi woti avekedwe ulemu. Bungwe la MCC, lomwe limasunga malamulo a kiriketi ndipo ndi eni bwalo la Lord's, linapatsa timu ya New Zealand mphotho ya khalidwe labwino pa masewero chaka chomwecho. Mu Juni 2021 Williamson ananyamula chikho china, cha masewero a masiku asanu, atagonjetsa India ku Southampton.

Lamulo la zingwe silinakhalitse. Mu Okutobala 2019, patangopita miyezi itatu, bungwe la ICC loyendetsa kiriketi pa dziko lonse linalichotsa, n'kulamula kuti mu ndime ya matimu anayi ndi yotsiriza Super Over izibwerezedwa mpaka wina apose mnzake ndi marani. Kusinthaku kunayang'ana kutsogolo kokha. Madzi akatayika saoleka, chikho cha 2019 chinatsala ku England, ndipo m'mabuku a zotsatira munalembedwa kuti masewero anathera pofanana, Super Over inathera pofanana, England inatenga chikho pa kuwerenga kwa zingwe, 26 kwa 17.